Kombe pa Mlatho

Ndikaweruka kunyumba ya okalamba, sopo akadali m'zikhadabo,
basi imanditula pa Hessle Road,
mvula ya ku Hull, yosagwa yosaleka, ikundinyambita khosi.
Ndimakwera masitepe khumi ndi anayi
n'kuyatsa kompyuta ndisanavule jekete,
pakuti hita imadya ndalama kuposa mwini nyumba.

Ndinamuumba ndekha mwezi wa Novembala,
munthu wanga wa pa skirini.
Anandipatsa mapointi makumi atatu, ati gawa mmene ufunira.
Gethin anati, ika ena pa malaya achitsulo, ungafe msanga.
Ine ndinathira m'miyendo ndi m'maso,
otsalawo m'dzanja lokoka nsinga ya uta.
Anatuluka wowonda ngati bango,
malaya opyapyala, woti chimfine chingamugwetse,
koma akaliyatsa liwiro fumbi limatsala likufunsana.
Ndinamutcha Kombe,
mtengo wa ulembe umene akale ankapaka kunsonga ya muvi.
Anzanga amawerenga Kombi. Ndinaleka kuwakonza.

Tilipo asanu.
Gethin wa ku Wrexham, nkhwangwa paphewa, wokuwa ngati ali kumpira.
Wioletta, sing'anga wathu, masana amalongedza nsomba kufakitale.
Moira sitinamvepo mawu ake, amangolemba.
Ndiye Dziwenji, msuweni wanga,
ali ku Chilomoni pa laputopu yobwereka,
koloko yake yatsogola maola awiri,
ndiye wachishango.

Lamulo la ntchito yanga ndi lalifupi: usayandikire.
Bisala kuseri kwa mwala,
werenga masekondi asanu ndi atatu kuti muvi wamoto upse,
usautaye pa woyamba kuonekera,
dikira sing'anga wawo asuzumire.
Ukaponya, samuka.
Woponya wokhazikika ndi ndiwo.

Lachinayi usiku tinali pa mlatho wamiyala,
mbendera yathu kumbuyo, nthawi itatsala pang'ono.
Dziwenji watseka njira, mikondo ikulira pachishango, ngwe! ngwe!
ine ndikulasira pamwamba pa phewa lake,
mmodzi khu! wachiwiri m'madzi phava!
Kenako zii.
Dziwenji wangoti chilili, osatembenuka, osakweza mkono.
Gethin m'makutu mwanga, mnyamata wako watani?
Ndinadziwa. Magetsi athima ku Chilomoni.
Thupi latsala pa mlatho,
mwini wake akupapasa machesi mumdima.

Muvi wouyang'anira suchedwa kulowa m'maso.
Ndinawaona akubwera anayi.
Ndinasiya mwala wanga,
ndinathamangira kolakwika ndi miyendo yonse ija ndinaigula,
n'kukaima patsogolo pa m'bale wanga
ndi malaya anga apepala.
M'phodo munali mivi isanu ndi umodzi.
Ndinaponya itatu.
Wachinayi unafera m'dzanja,
skirini n'kuchita imvi.

Moira analemba, woponya mivi saima pamenepo.

Ndikudziwa, Moira.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuponya ndili patali:
ya fizi, ya malata, ya feteleza,
ya bokosi la bambo ake a Dziwenji
amene ndinawaperekeza kumanda pafoni,
nditakhala mu kachipinda kochapira, makina akuzungulira.
Zonse zimafika. Sindiphonya kawirikawiri.
Sindinamulembere zimenezi.
Ndinangolemba kuti pepani, dzanja linaterereka.

Wioletta anatsanzika, ati m'mawa kuli nsomba.
Gethin anapumira m'mwamba, n'kuseka, n'kuzima.
Ndinatsala ndi mvula pawindo
ndi kamphepo kolowera pansi pa chitseko.

Cha m'ma wani koloko foni inanjenjemera.
Achimwene, ayaka tsopano. Tawina?
Ndinati taluza, ndipo iwe ugone, kumeneko ndi fili.
Anati ndinafa bwanji.
Ndinati unafa utaima.

Kenako ndinatsegula tsamba la mapointi,
ndinayang'ana Kombe nthawi yaitali,
ndinachotsa atatu m'miyendo
n'kuwaika pa malaya.
Azichedwa pang'ono tsopano.

Shifiti ndi ya seveni.
A Hargreaves a m'chipinda nambala naini
amafuna tiyi wawo makatani asanatsegulidwe,
ndipo amafuna uwagwire dzanja pomwa.