Mlonda wa Pakhosi

Zaka khumi ndi zinayi ndakazinga mandasi pa Kamuzu Road,
utsi wa mafuta uli m'tsitsi, m'chitenje, m'zikhadabo,
osatsinyapo nkhope ndi tsiku limodzi lomwe.
Lero mwana wa eni akangodutsa ndi chitumbuwa m'thumba
m'mimba mwanga mumaphiriphitha
ngati mbuzi yomangidwa pakaliyala.

Ku Lilongwe amandikhazika pampando,
botolo m'mwamba, singano padzanja,
madzi ofiira akutsika dontho, dontho,
kukasaka chilombo chomwe chinamanga msasa m'bere langa.
Madzi amenewo sasiyanitsa mpunga ndi udzu.
Amazula zonse.
Tsitsi linapita, ndinalisesa ndekha.
Koma tsitsi silipweteka.
Nseru ndiye mfiti.

Ulendo woyamba ndinakanyoza kapiritsiko.
Kochepa ngati njere ya therere,
ndinakamanga pansonga ya chitenje
n'kumati ndidzamwa zikavuta.
Pofika pa Mvera ndinali nditadzaza majumbo atatu,
kondakitala akukankha windo, maso kumbali,
mayi wina akubweza phazi lake pang'onopang'ono kuti ndisaone.
Ndinaona.
Pa Kaphatenga ndinalibenso chotulutsa,
ndulu yokha, ndi misozi yosaitanidwa.

Namwino Nachisale sanandikalipire.
Anangomasula mfundo ija, nati:
Mayi, mlonda salembedwa ntchito mbala italowa kale.
Mwani nseru isanadzuke.

Ndiye pano Lufeyo amatchera foni.
Ikalira, kaya ndi pakati pa usiku,
amabwera ndi kapu ndi kope lake la masamu,
kumapeto kwake analemba mizere:
tsiku, ola, chakhala kapena chabwerera.
Ali Fomu 2 mwanayu.
Amandiyang'ana pakhosi mpaka ndimeze
ngati ndine amene ndinabadwa kwa iye.

Mlondayu ali ndi ulemu wochepa.
Akatseka khomo lakumtunda amatsekanso lakumunsi,
masiku atatu osapita kuseri,
mutu ukugunda ngati chigayo cha dizilo.
Asiyatu amandiponyera papaya pamwamba pa mpanda,
akuseka: Idya, mlamu, msewu utseguke!

Mwezi wachinayi pawindo la mankhwala anati atha,
mukagule.
Ndinawerenga mtengo wake m'mandasi, poti ndi masamu omwe ndimadziwa.
Beseni lathunthu, ndi theka lina.
Lufeyo sananene kanthu.
Madzulo khola la nkhunda linali zii.

Usiku umenewo ndinameza, ndinagona chagada, ndinapemphera,
koma chinabwera ndithu, chosagogoda.
Nditayatsa tochi
ndinakaona m'beseni, koyera, kathunthu,
nkhunda za mwana wanga zikuyandama m'masanzi.
Ndinakayang'ana nthawi yaitali.
Zomwe ndinaganiza sindikuuzani.
M'kope analemba: chabwerera.
Kenako anafufuta, nalembanso bwinobwino,
ngati kuti vuto linali zilembo.

Kwatsala madiripu awiri.
Sindidziwa ngati chilombo chikusamuka
kapena changobisa mutu,
zimenezo adzanena a makina.
Ine ndikudziwa za m'mawa uno:
phala la mpunga wa ku Lifuwu,
masipuni atatu, ndinadikira,
ena anayi, ndinadikiranso,
dzuwa la Salima likukwera pamalata,
ndipo palibe chinabwerera.

Chiwaya changa chili kwa Asiyatu, ndinamubwereka.
Cha m'ma naini mphepo inatembenuka,
fungo la mafuta linalumpha mpanda
n'kundipeza pakhonde ndilibe duku.
Ndinagwira beseni.
Ndinamvetsera m'kati mwangamu
monga umamvetsera mapazi panja usiku.
Mlonda anali maso.

Ndinanunkhizanso, dala.
Kenako ndinakuwa, mawu anga akale a pamsika:
Asiyatu iwe, phula nkhuni imodzi!
Moto wachuluka,
apserera kunja, m'kati akadali aawisi!