Maziko a M'kamwa

Theka la dzino langa linatsala pamlatho wa Shire
tsiku lija kabaza inakana mabuleki.
Lero adokotala a Nachuma azula chitsa chake.

Akuti: Che Twaibu, nsagwada ili ngati gombe la mtsinje,
mukazula bango, dothi limatsata madzi.
Fupa lopanda dzino limaiwala ntchito,
limaphwa, tsaya n'kulowa m'kati.

Zaka makumi awiri ndamangira anthu nyumba ku Mpondasi,
kuwakalipira: musathamangire malata, maziko kaye!
Osadziwa kuti ena ndimayenda nawo m'kamwa.

Milomo yachita dzanzi, yasanduka ya munthu wina.
Atsegula kabotolo ka ufa woyera ngati mchenga wosefa,
authira m'dzenjemo, autsendera,
asoka ndi ulusi woonda kuposa wa telala.

Ndifunsa, lilime likulemera: fupa limeneli n'la yani?
Aseka. Ikatha miyezi inayi likhala lanu.

Miyezi inayi nzimbe ndizingoiona pamsika.
Konkire ndimaithirira m'mawa uliwonse mpaka igwire.
Iyi ayi.
Lilime lokha limazemberako usiku,
ngati mwini nyumba wosakhulupirira mmisiri.