Malangizo a Munthu wa Ketulo

Wafika msanga, mwanawe. Wachita bwino.
Wotchi ya pakhomayo imathamanga ndi mphindi khumi,
koma mabwana a pa esiteti ino amaikhulupirira ngati Baibulo.
Khala kuno, kumapeto kwa benchi.
Uko kumadontha chiperoni chikatsika.

Nsapato zako zaulula kale
kuti wa kabaza anakusiya pamphambano ya ku Luchenza.
Tenga kansanza aka.
Dothi lofiira la ku Thyolo lilibe mwambo,
limalowa mu ofesi mwini wake asanagogode.

Masatifiketi wawakulunga m'pepala la shuga, ndaona.
Atulutse pano, uwasanje, ya Fomu Folo pamwamba,
usakafufuze m'chikwama pamaso pawo
ngati wosowa chenji pamsika wa Bvumbwe.
Foniyo zimitsa.
Chaka chatha mnyamata wina wa ku Thekerani
ankayankha bwino ndithu
mpaka m'thumba mwake munalira nyimbo ya paukwati.
Anatuluka ikuimbabe.

M'katimo alimo atatu.
Wa mawu aakuluyo asakuopse, amangokonda kudzimva.
Mayi Nampinga, a magalasi, amafunsa ngati akupempha mchere:
amenewo uwamvetsetse.
Wachitatu salankhula, amangolemba.
Umugawireko diso nayenso.

Gogoda kawiri.
Usakhale asanakulozere mpando.
Ulemu ulowe nawo, koma kugwada ukusiye pakhonde,
sanaitane mkamwini wopepesa mlandu.
Akati tiuze za iwe,
usayambe ndi maliro, kapena ngongole ya feteleza.
Aliyense wokhala pabenchi ili ali nazo zake.
Iwo akufuna kalaliki wa pasikelo.

Wati bwanji?
Unkalembera amayi ako makilo a tiyi
kuseri kwa kope la masamu?
Ndipo tsiku lina unapeza atatu atasowa, nuwalondola?
Eya! Chimenecho!
Wachibisiranji ngati chilonda?
Ukanene chimenecho, osathamanga.

Funso likakukulira usalimangire khumbi la mabodza,
mayi aja amagwetsa ndi chala chimodzi.
Puma kaye. Chete wa kamphindi sanaphepo munthu.
Nena kuti ichi sindichidziwa, koma ndigwira msanga.
Pomaliza adzati, uli ndi funso?
Usati ayi. Safunsa anadya phula.
Koma malipiro asatsogole.
Funsa kuti masamba akanyowa ndi mvula
amachotsapo makilo angati,
aone kuti mtima wako wafika kale kumunda.

Ukudabwa kuti ndazidziwira kuti.
Ndinalowa chitseko chomwechi tsitsi lidakali bii,
tayi wobwereka kwa aphunzitsi a ku Makwasa,
ntchito yake yomweyi.
Masamu ndinkawamwa ngati thobwa.
Koma maso ndinawakhomera pasimenti,
funso lililonse, inde bwana,
ngakhale pamene anandifunsa dzina.
Atatha anati, Khaviwayu ndi waulemu,
mpatseni ketulo.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndikuwiritsa tiyi amene ndikanamuyeza.
Sindidandaula kwenikweni. Ana anaphunzira.
Kungoti madzulo ena, ndikamva sikelo ikulira kushedi,
ndimawonkhetsa mumtima,
ndipo ndimamaliza kalaliki asanatsitse cholembera.

Tamvera.
Edesi Namakhwa. Ndiwe?
Dzuka. Kolala yapindika kumanzereku.
Thukuta la m'manja pukutira pasiketi,
dzanja lipite louma, lisakhale ngati nthochi yovunda.

Pakapita mphindi zisanu ndilowa ndi thireyi.
Usandiyang'ane, sitidziwana.
Koma ndikamaika makapu patebulo
ndimve mawu ako akudutsa mpando wa wolemba uja,
akufika pazenera,
kumene amayi a mitanga kumsana
akuthyola masamba awiri ndi kansonga
mu nkhungu ya m'mawa uno.

Pita. Gogoda.
Kawiri, ndati.