Chikwangwani Chinapita ndi Madzi

Ine ntchito yanga ndi masipoko.
Pansi pa nimu uyu, pa Ngabu, ndatha zaka khumi ndi zinayi,
ndipo ngozi sindiimvera pa wailesi:
imabwera yokha, atainyamula paphewa,
gudumu litapindika ngati nambala eyiti.

Chaka chimene madzi anatenga mlatho
anatenganso chikwangwani chake.
Tinakachiona patapita milungu kwa a Zuze Kampira
chitasanduka chitseko cha khola,
mbuzi zikuwerenga IMANI, ife ayi.
Wapolisi wa malaya oyera anamusamutsira ku Dyeratu.
Tinatsala ndi kanjira ka mumchenga
kokwana ngolo imodzi basi.

Tsiku loyamba la msika
lole ya thonje ndi ngolo ya Dinyero zinagundanitsa mphuno
kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka zithunzi kutalika.
Dalaivala anatukwana m'Chichewa,
Dinyero anabweza m'Chisena,
ng'ombe zinangogona pansi n'kuyamba kubzikula.
Nsomba za Joakina zinaolera mudengu.
Ine ndinagulitsa masipoko makumi atatu.

Kenaka, kaya anayamba ndani.
Msonkhano sunachitike.
Wakabaza wonyamula wodwala akaliza belu kawiri
anthu ankapatuka okha.
Maliro ankadutsa injini zitazimitsidwa.
Wokwera gombe ndi matumba a makala sankaimitsidwa,
pakuti aliyense kuno anakankhapo njinga mu Okutobala.
Tinaphunzira kuwerenga maso, chibwano,
chala chimodzi chodzuka pa handulo.
Mwezi wathunthu ndinangomata machubu.
Mkazi wanga anafunsa ngati ndayamba kumwera ndalama.

Ndinanyada, ndisaname.
Ndinkauza apaulendo kuti ife a kuchigwa
wezulo timaidziwira ku mpira.

Koma m'mawa wina tinapeza chingwe.
Anyamata a Dinyero yemweyo,
ati osalaza mchengawu ndi iwo:
njinga thu handiredi, ngolo ya bambo awo ulere.
Lamulo lopanda chidindo,
lopanda khomo lokagogodapo ukalakwiridwa.

Ndiye kunabwera madzulo a galimoto yoyera ija,
yochokera kumtunda, magalasi otseka,
munthu wosadziwa maso athu,
wosadziwa kuti pano mwana amayenda pakati pa msewu
chifukwa msewu unazolowera kumupatukira.
Ntsayi, mwana wa Joakina, sanafe.
Amayenda, koma mwendo wakumanzere umafika mochedwa.
Njinga ya amalume ake ili kuseri kwangaku.
Sindinaikhudze.
Palibe wabwera kudzaifunsa.

Kutacha, ife tomwe onyada aja
tinatenga makasu n'kuunjika nthumbira pamsewu,
ina apa, ina apo, zinayi,
zazitali moti ambulansi imakhula mimba podutsa.
Wina analemba pa lata ndi khala: PANG'ONOPANG'ONO.
Chingwe tinachidula tsiku lomwelo,
mkwiyo usanazizire.

Dzulo ndinakhala pansi n'kuwerenga ndi zala za girizi
malamulo amene tadziikira tokha chichokereni wapolisi.
Ndinafika khumi ndi limodzi.
Iye anali nawo atatu,
ndipo lachitatulo linali la m'thumba mwake.

Akuti mlatho watsopano ubwera mvula ikatha,
ndi mizere yoyera, ndi chikwangwani china.
Joakina akuti ubwere msanga.
A Zuze akuti chitseko chawo sabweza.
Dinyero sakulankhula ndi munthu.
Atandifunsa ine, sindinayankhe.
Ndinali ndi gudumu pakati pa maondo,
kumanga sipoko iyi, kumasula iyo,
kulizunguza, kutsinzina diso limodzi,
ilo likupepelukabe pang'ono.

Kutsidya belu linalira kawiri.
Tonse tinadzutsa mitu.