Tenti ya pa Kachulu

Zaka khumi ndi zinayi ndinali mkazi wa utsi.
Milamba inkapsa pawaya, ine ndinkapsa m'chifuwa,
mitengo ya ku Chisi inkabwera pabwato
itagona chogona ngati maliro.

Kuchipatala anandigunditsa kachitsulo kozizira pamsana
nati: Mayi, mumasuta fodya?
Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Lero tilipo asanu, watimanga ndi ngongole imodzi:
tenti ya pulasitiki, mathandala a nsungwi,
matemba oyalidwa ngati masingano,
ntchentche zikungosuzumira panja.
Dzuwa sililipiritsa.
Koma banki nkhonde imalipiritsa, Lachinayi lililonse,
ndipo Abiti Saukila sachedwa ndi kope lawo.

Bambo a kunyumba amagona pa chimbowera, m'kati mwa njedza,
pomwe madzi akumwa ndi chimbudzi
zimasiyana ndi mkono umodzi.
Ndimawatumizira kolorini m'kabotolo
ndi uthenga womwewomwewo: neti ya udzudzu ija
ndi ya mwana, si ya nsomba.

Chilwa ndinamuona atauma ine,
njinga zikudutsa m'njira za mabwato,
ming'alu ikumeza chidendene.
Ndiye akatseka nyanja, nane ndimatseka tenti osawiringula,
matemba aikire mazira.
Miyezi imeneyo ndimatsatsa mpunga pambale,
phindu lake la mchere ndi sopo basi.

Dzulo Mulipa anandinunkhiza mpango.
Akuti, Amayi, mwasiya kununkha moto.
Ndisanayankhe n'komwe,
anapempha ndalama ya mayeso.