Kumbuyo kwa Diresi

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndakhala ndikuluma mapini mu mzinda wa Milan.
Dzina langa, Nives,
amalilemba cham'mphepete mwa tsamba,
timalemba tating'ono ngati nyerere zakufa,
pomwe chala cha wowerenga chimagwira potsegula.

Inu mumaona kumaso.
Ine ndimadziwa kumbuyo kwa diresi:
zopanira zisanu ndi ziwiri zitaluma nsalu pamsana,
nsapato yokula yofutsidwa thonje,
kapepala ka mtengo kakulendewera pakhosi
poti mawa m'mamawa zonse zibwerera kusitolo.
Mulibe chathu muno.
Ngakhale kumwetulira n'kobwereka.

Mu Januwale, chifunga chitagona pa ngalande za Navigli,
ife timajambula chilimwe.
Mtsikana amaima chosavala, mano ali gwegwegwe,
milomo itada ndi chisanu.
Timaipaka zofiira.
Dzuwa adzaliika madzulo, pa kompyuta.

Tancredi amakuwa ali kuseri kwa kamera:
"Tsegula pakamwa pang'ono. Usapume.
Khala ngati wakhuta,
ngati palibe chomwe ukufuna pa dziko lino."

Liene, wa ku Latvia, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
anabwera pomwe ndinkadyera buledi ndi tchizi.
Sanapemphe kuti alume.
Anati, "Ndingonunkhiza."
Ananunkhiza atatsinzina, n'kundibwezera,
n'kuthokoza.
Chithunzi cha tsiku limenelo chinakhala pachikuto.
Pansi pake tinalemba kuti: Ufulu.

Ku maphwando timapsompsona mphepo
pafupi ndi masaya a anzathu,
maso ali pakhomo, kuona ngati kwalowa wina woposa.
Mayi Bellandi anali mkonzi zaka makumi awiri.
Akakweza nsidze, mtundu wa nsalu unkafa chaka chonse.
Anawachotsa Lachisanu.
Pofika Lolemba maluwa anali atasiya kubwera.
Ndinawapeza m'basi mwezi wathawu,
akugwedeza foni pafupi ndi khutu
ngati wotchi yoima.

Amayi anga anamwalira ku Udine Lachinayi masana.
Ine ndinali ku Paris, nditagwada,
ndikusita mpendero wa siketi
yomwe pamapeto pake sanaijambule n'komwe.
Nditapita kukalongedza nyumba
ndinatsegula kabati ya m'khonde:
magazini onse, kuyambira loyamba,
osanjidwa mwezi ndi mwezi,
ndipo m'lililonse dzina langa
atalizunguliza ndi pensulo.
Iwo amene anavala juzi imodzi yabulauni
nyengo zozizira khumi.

Palibe anawafuna.
Wotola mapepala anawaika pa sikelo,
nanditchulira kulemera kwake,
kenaka n'kufunsa ngati kabatiyo ndikugulitsanso.

Musandimve molakwa, ndinaikonda ntchitoyi.
Pali mphindi ina, magetsi akaphulika,
silika akagwira mphepo n'kuima m'malere,
pomwe ndimaiwala kuti ndine ndikukupiza katoni.
Mphindi imeneyo ndiyo inandidya.
Mwamuna wina, Ermes, anandidikira zaka zinayi
ndi supu yozizira pa tebulo.
Ndimamva kuti ali ndi zidzukulu tsopano.

Usiku uno pokwerera tramu
pali Liene, wamtali ngati nyumba yosanja,
akuyang'ana pamwamba pa mitu yathu.
Mwini wake anabwerera kwawo kalekale,
kaya ali moyo wotani.
Ndimayang'anitsitsa, kufunafuna pini yanga imodzi.
Siikuoneka.
Ndiye kuti ndinagwira bwino ntchito.

Kunyumba ndimavula chikhoto chakuda,
ndi kulavula kapini kotsalira m'mbale ya makiyi.
Firiji ikung'ung'udza, muli ndimu ndi botolo la madzi.
Ndimaima pagalasi. Kumaso zonse zili m'malo.
Ndimapotoza khosi kuti ndione msana wanga,
kuti ndidziwe chomwe chandigwira zaka zonsezi,
koma khosi silifika,
ndipo muno mulibe wina woti andiuze.