Anamulondola Awiri

Anatsika minibasi ya ku Liwonde fumbi lili m'nsidze,
nsalu yabuluu itazungulira mutu ngati nkhata,
nati dzina lake ndi Idir,
ndipo kwawo ntchito yake ndi yangayi:
kuyenda patsogolo, alendo pambuyo,
chala chikuloza, pakamwa posauma.

Ndinayamba monga ndimayambira masiku onse.
Nayi nsanja ya wotchi, nawu mzinga wadzimbiri,
nawu mlatho, pansi pake Shire akupita osatsanzika.
Akabaza ankatiimbira mabelu.
Iye ankangogwedeza mutu,
kugwedeza kwa munthu wodziwa pamene nthabwala ikubwera.

Pokwera Chowe galimoto inatsokomola kawiri.
Anatulutsa foni, nandionetsa kwawo:
mzinda wa makoma ofiira ngati katondo,
tinjira topanikiza moti bulu wosenza zikopa
amapatutsa ngakhale mwini chuma;
phiri lovala chisoti choyera chosungunuka m'manja;
kenako mchenga, mchenga,
wopanda madzi kumapeto kwake,
ngamila zitandondozana ngati nyerere zonyada.
"Alendo amagwetsa misozi akafika apa," anatero.
"Ine ndimakhala ndikuwerenga mabotolo a madzi."

Tisanafike ku Namwera tinasiya msewu.
Tsekera kumaso, chitedze m'mbali,
mpaka linga lija pamwamba,
njerwa zake zitagwirana ndi mizu ya kachere.
Ndinatchula zaka, ndinatchula asilikali,
ndinaloza kum'mawa: amalonda ankadzera uko,
minyanga kupita, nsalu ndi mikanda kubwera,
ndipo mango mukudyawa, akuti,
ndi zidzukulu za mbewu zimene ankataya m'njira.
Ndikafika pamenepa ndimatembenuka,
ndimati tiyeni, dzuwa latipitirira.

Sanasunthe.
"Nanga minyangayo inkayenda yokha?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.
Zaka khumi ndi chimodzi ndikukwera phiri lino,
funso limeneli ndimalizemba ngati mwini ngongole pamsika,
poti m'magazi mwanga muli onse awiri,
womanga goli ndi womangidwa m'goli,
ndipo sindidziwa amene anandisiyira mphunoyi.

Anakhala pa njerwa, nasenda mango ndi mano.
"Kwathu kuli bwalo," anatero,
"pamene ndimati: apa gulani makapeti, nenererani mtengo.
Sindinena chimene chinkanenereredwa pomwepo kale.
Ndimafulumiza mwendo.
Ndimaloza dokowe padenga, onse n'kukweza makamera."

Tinakhala chete,
anamulondola awiri opanda womulondolera,
ntchentche zikulimbirana khoko la mango.

Potsika anandipatsa kakobiri ka kwawo.
Dirihamu, anatero. Ine ndinati: ndalama.
Tinawabwereza mawu awiriwo, tikuseka,
mpaka anayamba kufanana
ngati ana a bambo mmodzi okulira kosiyana.

Pa mzikiti wa njerwa zosawotcha tinatunga m'ndowa imodzi,
iye timadzi ta m'chikhato, mwana wa chipululu,
ine kukhuthula, mwana wa m'mbali mwa mtsinje.
Anayang'ana kotulukira dzuwa mwachizolowezi.
Ndinamugwira phewa: kuno timayang'ana kumpoto.
Anatembenuka. Tinaima mzere umodzi
ndi wogulitsa makala ndi mnyamata wa sukulu.

Anapita m'mawa mwake. Nambala yake ndinaitaya.

Lachiwiri lotsatira ndinakwera ndi aphunzitsi asanu a ku Dedza,
mmodzi wodwala bondo, wina wofunsa za netiweki.
Nayi njerwa, nazi zaka, nayo njira ya kum'mawa.
Tinafika pa mango paja.
Miyendo inati tiyeni.
Kakobiri kanali m'thumba, kofunda ndi thukuta.

Ndinati: takhalani pansi, pali zina.
Mawu anatuluka akulira ngati chitseko cha nkhokwe yakale,
ndipo mayi wa bondo uja
anatsegula kope lake, nafunsa:
"Bambo Twaibu, mayina awo alipo?"

Ndinati ayi.
Anasiya mzere wopanda kanthu,
nadikira.